Amayi anga a zaka 78 chiberekero chinatsika: kodi angapirire opaleshoni?

Funso: Adokotala, ndimakhala ku Zolozolo muno mu Mzuzu. Mwezi wa Meyi ndinakatenga amayi anga kumudzi ku Kasungu chifukwa ankadandaula msana ndi kukodza movutikira. Tsiku lina ndikuwasambitsa ndinaona kuti kumusi kwatuluka chinthu chachikulu ngati peyala, ndipo chili ndi chilonda. Akuti chakhala choncho zaka zisanu koma ankachita manyazi kunena. Ali ndi zaka 78, anabereka ana 9, ali ndi BP ndi shuga, ndipo amayendera ndodo. Abambo anamwalira kalekale. Kuchipatala atiuza kuti ndi chiberekero chatsika, ndipo atchula njira ziwiri: kuchichotsa, kapena kutseka njira yoberekera. Achimwene anga akukana, akuti munthu wamkulu chotere sadzuka ku fiyeta. Tichite chiyani?

Yankho: Mayi, mwachita bwino kuwatengera kuchipatala mutangoona. Zaka zisanu zokhala chete sizikundidabwitsa. Amayi ambiri a msinkhu umenewu amafika kwa ife atazolowera kudzimangira kansalu kumusi, kukhala chopendekera pampando, ndi kukankhira chinthucho mkati ndi chala kuti mkodzo utuluke. Ena amaganiza kuti analodzedwa, ena amati ndi ukalamba basi. Kutchalitchi anasiya kupita, kumaliro amangotumiza chipepeso, ana n'kumati agogo afooka. Choncho dziwani kaye ichi: vutoli limachizika ngakhale kwa munthu wa zaka 78, ndipo njira yotseka ija, imene mwina inakudzidzimutsani, inakonzedwera anthu ngati amayi anuwa.

Chiberekero chimakhala m'chiuno ngati nkhokwe pamitanda yake. Pali mitsempha yolimba ngati zingwe, ina yomangirira ku fupa lakumbuyo, ina m'mbali, ndipo pansi pake pamayala minofu yonyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo akumapeto. Chiswe chikadya mitanda, nkhokwe imapendama mpaka kugwa, chimanga chili bwinobwino mkati. Ndi mmenenso zilili pano. Nthawi zambiri chiberekero chotsika sichikhala ndi nthenda iliyonse. Chawonongeka ndi chimene chinkachigwira. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndiyo ikusiyanitsa maopaleshoni onse amene ndifotokoze.

Kwa amayi anu zifukwa zake zili poyera. Mutu wa mwana ukamadutsa umatambasula ndi kung'amba minofu ija, ndipo iwo anadutsitsa ana 9, mwina ena atavutika nawo usiku wonse. Atasiya kusamba, thupi linachepetsa michere yotchedwa estrogen imene imasunga khungu la njira yoberekera kukhala lochindikala ndi lofewa. Onjezanipo mitolo ya nkhuni, ndowa za madzi, musi ndi khasu za moyo wonse, kapenanso chifuwa chosatha ndi kudzimbidwa. Madokotala timagawa kutsikaku m'masitepe anayi. Zomwe mwafotokozazo ndi sitepe yachitatu kapena yachinayi, pamene njira yoberekera yatembenuzika n'kutuluka kunja, itakoka chikhodzodzo. N'chifukwa chake akukodza movutikira: kanjira ka mkodzo kapindika ngati paipi ya pulasitiki yopondedwa.

Tsopano za achimwene anu. Musawaone ngati ouma mtima. Mantha awo ali ndi maziko, pakuti opaleshoni kwa okalamba imakhaladi ndi chiopsezo chachikulu kuposa kwa achinyamata: mtima ukhoza kulephera, chibayo chikhoza kuwagwira, magazi akhoza kuundana m'miyendo, ndipo ena amasokonezeka mutu kwa masiku angapo. Pomwe ndikusiyana nawo ndi pa muyeso. Chimene chimandiuza ngati munthu apirire fiyeta si chaka chobadwa cholembedwa pa chitupa, koma mphamvu zimene zatsala m'thupi. Ndinaonapo agogo opitirira zaka 80 amene ankalimabe munda wawo, nadzuka n'kuyenda mawa lake. Ndinaonaponso mayi wa zaka za m'ma 60 amene mtima wake sukanalola ngakhale ola limodzi pa tebulo.

Amayi anu akanakhala patsogolo panga, ndikanafunsa zinthu wamba. Kodi amatha kukwera kamtunda ka ku Zolozolo kuchokera pamsewu kufika pakhomo osaima kawiri katatu? Ndodoyo akuyendera chifukwa cha mawondo, chifukwa cha chotuluka chija, kapena chifukwa cha phuma? Amasamba okha, amadya okha, amatha kuvundula nsima ya anthu awiri? Aonda m'chaka chathachi? Akagona chagada amabanika, kapena miyendo imatupa? Amakumbukira zimene munakambirana dzulo? Mayankho amenewa, pamodzi ndi kuyeza magazi, shuga, impso ndi mtima, ndi amene amatiuza ngati tisankhe opaleshoni yaikulu, yaing'ono, kapena tisachite n'komwe. BP ndi shuga pazokha sizitsekereza munthu ku fiyeta. Zimangofunika kuti zikhale zitatsika bwino tsiku lisanafike.

Mawu oti “sadzuka” akuonetsa kuti achimwene akuganiza za mankhwala ogonetsa munthu yense. Maopaleshoni ambiri a vutoli sitigonetsa. Timabaya jakisoni wa pamsana, yemweyo amene amayi ochira pa siza amalandira tsiku ndi tsiku m'zipatala za maboma. Kuchokera m'chiuno kutsika kumachita dzanzi, munthu ali maso, akupuma yekha, akutha kuyankha akafunsidwa. Jakisoniyu amatha kutsitsa BP mwadzidzidzi, ndiye kwa okalamba amafuna diso lakuthwa la wopereka mankhwalawo, komanso pali matenda ena a mtima amene sagwirizana naye. Koma mapapo amawasiya pamtendere, ndipo munthu amayamba kumwa ndi kudya msanga.

Chinanso chimene banja limaiwala n'chakuti kungowasiya nakonso n'kusankha, ndipo kuli ndi mtengo wake. Chikhodzodzo chosatha kukhuthula mkodzo wonse chimasanduka dziwe la tizilombo. Matenda a m'njira ya mkodzo amabwerezabwereza, ndipo kwa munthu wa shuga amatha kukwera kufika ku impso ndi m'magazi. Chiberekero chikatuluka chonse chimathanso kukoka ndi kupinda timachubu totsitsa mkodzo kuchokera ku impso, impsozo n'kumatupa mwakachetechete, popanda ululu wochenjeza. Chilonda chija chimakhuzika ndi nsalu ndi ntchafu, n'kumatuluka magazi pang'onopang'ono mpaka magazi kuchepa m'thupi. Ndipo munthu amene sakuyenda chifukwa cha chotupa pakati pa miyendo amafooka mwezi ndi mwezi. Opaleshoni imene angaipirire lero mwina sangaipirire zaka ziwiri zikubwerazi.

Musanafike pa mpeni, funsani za mphete. Iyi ndi pessary, kachipangizo kofewa kooneka ngati chibangiri, kamene dokotala kapena namwino amalowetsa m'njira yoberekera kuti kachirikize chiberekero. Sikafuna fiyeta kapena jakisoni, ndipo kakakhala bwino munthu sakamva n'komwe. Kwa amene mtima wawo sungalole opaleshoni iliyonse, kapena amene sakuifuna, mphete ndi chithandizo chenicheni, ndipo ena amakhala nayo moyo wawo wonse. Ilipo ya misinkhu yosiyanasiyana, ndiye nthawi zina timayesa iwiri itatu tisanapeze yokwana. Pamene chiberekero chatuluka chonse ndipo khomo lakumusi latambasuka kwambiri, mphete yozungulira imakonda kugwa munthu akangotsokomola kapena kudzithandiza. Pamenepo imafunika ya mtundu wina yotchedwa Gellhorn, yooneka ngati bowa, imene sipezeka paliponse.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mphete kwa agogo akumudzi n'chakuti imafuna kuyenderedwa. Miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi iliyonse iyenera kuchotsedwa, kutsukidwa, ndipo khungu lamkati liyenera kuonedwa. Ikaiwalika zaka, imadya khungu, imayambitsa chikazi chonunkha, ndipo imatha kuboola mpaka ku chikhodzodzo kapena ku matumbo. Ndiye dzifunseni moona: amayi akabwerera ku Kasungu, alipo wowaperekeza kuchipatala nthawi yake ikakwana? Ngati akhala nanu muno mu Mzuzu, mphete ndi yoyenera kuyesa. Ngati mtima wawo uli kumunda kwawo, ndipo ndikudziwa kuti agogo ambiri sakhalitsa m'tauni mvula ikayandikira, opaleshoni yochitika kamodzi ikhoza kukhala yotetezeka kuposa mphete yopanda woiyang'anira.

Zolimbitsa minofu ya m'chiuno, zofinya ngati ukugwira mkodzo, zimathandiza pamene kutsika kukungoyamba. Chinthu chimene chatuluka kale kunja sizingachibwezere.

Opaleshoni yoyamba imene anakuuzani, yochotsa chiberekero, timaichitira kumusi, osang'amba pamimba. Chiberekero chili kale panja, ndiye dokotala amachilekanitsa ndi chikhodzodzo kutsogolo ndi matumbo kumbuyo, amamanga mitsempha ya magazi, n'kuchichotsa. Kenako amasoka ndi kulimbitsa khoma lakutsogolo limene chikhodzodzo chinagwerapo, ndi lakumbuyo ngati nalonso lafooka. Ubwino wake ndi woti njira yoberekera imatsala yotseguka, ndipo chiberekero ndi khomo lake zimachoka, n'kutumizidwa kokapimidwa.

Koma kumbukirani nkhokwe ija. Kuchotsa nkhokwe sikukonza mitanda. Ngati dokotala angochotsa chiberekero osamangirira nsonga ya njira yoberekera pamalo olimba, pakapita zaka njirayo imatha kutembenuzika n'kutulukanso, chiberekero kulibe. Amayi otere amabwera atakhumudwa kwambiri, amati “munachotsa, nanga ichi n'chiyani?” Ndiye pamafunika gawo lachiwiri: kusokerera nsongayo ku zingwe zakale za chiberekero, monga mwa njira imene dokotala wina dzina lake McCall anafotokoza mu 1957, kapena ku mtsempha wolimba wa mkati mwa chiuno wotchedwa sacrospinous. Ngati mwasankha kuchotsa, funsani dokotala momveka kuti nsongayo adzaimangirira pati. Ndi funso loyenera, ndipo dokotala wodziwa ntchito yake sangakwiye nalo. Opaleshoni yonseyi imatenga nthawi yotalikirapo, magazi amatayika ochulukirapo, dokotala amalowa mpaka m'kati mwa mimba ngakhale akudzera kumusi, ndipo pali mwayi wochepa wovulaza chikhodzodzo kapena timachubu ta impso. Kwa mayi wa zaka 60 kapena 70 wamphamvu zake, amene ali ndi mwamuna, imeneyi ndiyo ndimasankha kawirikawiri. Kwa wofooka ndimayamba ndaganiza kawiri.

Zilipo njira zina zimene mwina mungamve. Ina ndi ya Manchester, imene dokotala Archibald Donald anayamba mu mzinda wa dzina lomwelo mu 1888: amadula khomo la chiberekero lokha n'kufupikitsa zingwe. Imayenera pamene khomo latalika koma chiberekero chenicheni sichinatsike kwambiri, ndipo sindikuona kuti ikukhudza amayi anu. Ina ndi yodzera pamimba, yokoka nsonga ya njira yoberekera ndi kaukonde kapulasitiki n'kukamangirira ku fupa lakumbuyo. Imalimba kwa zaka zambiri, koma ndi yaitali, kawirikawiri imafuna kugonetsa munthu yense, ndipo kwa agogo ofooka katundu wake amaposa phindu. Za ukonde woikidwa kudzera kumusi, chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere: unatchuka kwa kanthawi, koma unavulaza amayi ambiri, mpaka mu 2019 bungwe loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, la FDA, linalamula kuti usagulitsidwenso pa ntchito imeneyi. Wina akakulonjezani umenewu, ukaneni.

Tibwere ku njira yachiwiri ija. Dzina lake ndi colpocleisis, ndipo ambiri timaitchula kuti opaleshoni ya Le Fort, potengera Léon Le Fort, dokotala wa ku Paris amene anaifotokoza mu 1877. Mawu oti “kutseka” ndi amene amaopsa anthu, ndiye ndifotokoze bwinobwino. Mkazi ali ndi njira zitatu kumusi: ya mkodzo kutsogolo, yoberekera pakati, ya chimbudzi kumbuyo. Imene imatsekedwa ndi yapakati yokha. Amayi adzakodza ndi kudzithandiza monga mwa masiku onse, ndipo nthawi zambiri kukodza kumaphweka chifukwa paipi yopindika ija yawongoka. Ndakumanapo ndi mabanja amene anakana opaleshoniyi poganiza kuti agogo azikodzera m'thumba moyo wawo wonse. Sizili choncho ayi.

Taganizirani thumba la malaya limene latembenuzika n'kulendewera kunja. Mukalibwezera mkati n'kusoka nsalu zake ziwirizo kuti zigwirane, silingatulukenso. Dokotala amasenda kachigamba ka khungu pa khoma lakutsogolo ndi kena kofanana pa khoma lakumbuyo, amakankhira chiberekero mkati, n'kusoka malo osendedwawo mzere ndi mzere. Akapola amamatirirana n'kukhala khoma limene chiberekero chimatsamira. M'mbali amasiya tinjira tiwiri tating'ono kuti chikazi kapena magazi, ngati angabwere, azipeza potulukira. Pomaliza amachepetsa khomo lakunja polimbitsa minofu ya pakati pa njira yoberekera ndi ya chimbudzi. Kunja kumaoneka monga mwa mkazi aliyense. Kungoti mkati mumatsala mosazama, masentimita awiri kapena atatu.

Chifukwa chimene ndimaikondera kwa okalamba ofooka n'chakuti ndi ntchito yapakhungu. Salowa m'mimba, sadula mitsempha ikuluikulu ya magazi, imatha msanga, nthawi zambiri pafupifupi ola limodzi, ndipo magazi otayika ndi ochepa. Jakisoni wa pamsana amakwanira, ndipo kwa ofooka kwambiri imatheka ndi mankhwala ochititsa dzanzi pamalo pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale ndi yaing'ono, ndiyo yolimba pafupifupi kuposa onse: mwa amayi 100 ochitidwa opaleshoniyi, oposa 90 chotulukacho sichibwereranso. Ena amaiona ngati opaleshoni ya anthu otayidwa, yoti “poti akalamba, ingotsekani.” Ine sindiiona choncho. Kwa munthu woyenera, ndi opaleshoni yabwino koposa imene tili nayo.

Mtengo wake ndi umodzi, ndipo ndi waukulu: sibwezeka. Akachitidwa, sangathenso kukhala malo amodzi ndi mwamuna m'njira ya masiku onse. Pano ndikupemphani chinthu. Mwalemba kuti abambo anamwalira kalekale, ndipo ndikumva chimene mukutanthauza. Koma funso limeneli si lanu, si la achimwene, si langanso. Ndi la amayi eni ake, ndipo ayenera kufunsidwa paokha, ana atatuluka panja. Palibe mayi wachichewa amene angakambe za kuchipinda pamaso pa mwana wake wamwamuna. Pemphani kuti namwino wachikulire akhale nawo, awafotokozere m'Chichewa chomwe amachimva, osathamanga, ndipo abwereze okha zimene amva. Amasiye ena ali ndi anzawo amene ana sakuwadziwa. Ena alibe, koma mtima wawo sulola kuti thupi lawo lisinthidwe chotero, ndipo chimenechonso ndi chifukwa chokwanira. Amene amadandaula pambuyo pake ndi ochepa, ndipo m'kuona kwanga amakhala aja amene ena anawasankhira.

Pali chinthu china chimene sindingalole kuti chidumphidwe. Mu opaleshoni ya Le Fort chiberekero chimatsala mkati, kuseri kwa khoma, ndipo sitingathenso kuona khomo lake kapena kutengako kanyama kokapima. Dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse. Amayi oposa 4,000 amapezeka nayo chaka chilichonse. Choncho tisanatseke tiyenera kutsimikiza kuti sitikutsekera matenda mkati. Kuyeza kwa viniga kumene kumachitika m'zipatala zing'onozing'ono kumagwira bwino kwa amayi amene akusambabe, koma kwa okalamba malo amene khansa imayambira amabisala mkati mwa khomo, ndiye viniga yekha sakwanira. Dokotala wa matenda a amayi aone khomolo ndi maso ake, ndipo pokayikitsa paliponse atengepo kanyama.

Chilonda chimene munachionacho kawirikawiri chimabwera chifukwa cha kukhuzika ndi kusayenda bwino kwa magazi, osati khansa. Chiberekero chikabwezeredwa mkati n'kuchirikizidwa ndi mphete kapena nsalu yachipatala yosinthidwa tsiku ndi tsiku, ndi mafuta a estrogen ngati alipo, chilonda chotere chimapola m'masabata ochepa. Chikakana kupola, kapena ngati chili ndi m'mphepete molimba ndi motukuka, chipimidwe. Afunseninso amayi ngati anaonapo magazi chisiyireni kusamba. Ngati anaonapo, pakufunika sikani yoona kuchindikala kwa khungu la mkati mwa chiberekero, mwinanso kutengamo kanyama. Zotsatira zikakhala zokayikitsa, Le Fort payekha sayenera. Pamenepo timachotsa chiberekero, ndipo ngati amayi avomera, timatha kutseka njirayo nthawi yomweyo. Imakhala opaleshoni yokulirapo, koma palibe chobisika chotsala. Sikani yomweyo ionenso impso.

Ndikuchenjezeninso za mkodzo, kuti musadzadabwe. Kwa amayi ena kupindika kwa paipi kuja n'kumene kumabisa kufooka kwa khomo la chikhodzodzo. Chiberekero chikabwerera m'malo mwake, pa opaleshoni ya mtundu uliwonse, amayamba kudontha mkodzo akatsokomola, akaseka kapena akanyamula kanthu. Tikhoza kuziyeza zisanachitike: dokotala amabwezera chiberekero mkati chikhodzodzo chili chodzaza, n'kuwauza kuti atsokomole. Mphete ija imathandizanso pamenepa, chifukwa masabata ochepa ali nayo amaonetsa mmene mkodzo udzakhalire. Kudontha kotereku si fistula. Fistula ndi chiboo, mkodzo umangotuluka usana ndi usiku osaima, ndipo chithandizo chake ndi china, chonga chimene chimaperekedwa ku Bwaila ku Lilongwe.

Muli pamalo abwino. Chipatala chachikulu cha Mzuzu ndicho chimalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma onse a chigawo cha kumpoto, kuyambira ku Chitipa ndi Karonga mpaka ku Mzimba, Nkhata Bay ndi Likoma, ndipo nthambi ya bungwe losunga magazi la Malawi Blood Transfusion Service ili mumzinda momwemuno. Anthu amayenda tsiku lathunthu kuti afike pamene inu mungafike pa kabaza. Gwiritsani ntchito masabata odikirawo. Amayi azimwa mankhwala a BP ndi shuga osadumphitsa, ndipo manambala ake azilembedwa m'buku lawo lakuchipatala. Shuga wokwera amachedwetsa bala kupola ndi kuitana mafinya. Magazi akakhala ochepa, awonjezedwe ndi mankhwala. Mkodzo upimidwe, matenda ake achizidwe. Adye bwino: mazira, usipa, nyemba, mkaka, masamba ambiri kuti m'mimba musaume. Aziyenda pang'ono tsiku lililonse, ngakhale kuzungulira nyumba. Ngati akutsokomola, chifuwacho chiyezedwe kaye, pakuti kuzizira kwa Mzuzu m'miyezi ya Juni ndi Julaye sikuchitira chifundo zifuwa za okalamba, ndipo kutsokomola kumakoka ulusi. Tsiku lokaonana ndi wopereka mankhwala adzanzi, tengani mankhwala onse amene amamwa, aspirin ngati alipo, ndi azitsamba omwe, musabise.

Opaleshoni ikatha amakhala ndi kapaipi ka mkodzo tsiku limodzi kapena angapo, ndipo asanatuluke aonetsetse kuti akukodza okha mokwanira. Inu monga gadiyani muli ndi ntchito yaikulu kuposa mmene mukuganizira. Adzutseni akhale pansi, ayende mawa lake anamwino akalola. Kugona n'kumene kumabweretsa chibayo ndi kuundana kwa magazi. Azimwa madzi. Ngati ali ndi magalasi avale, ndipo nkhope yodziwika izikhala pafupi, makamaka usiku. Mukaona kuti ayamba kulankhula zosagwirizana, kusakuzindikirani, kapena kugona mopitirira, uzani anamwino nthawi yomweyo. Si misala, si ufiti. Kawirikawiri kumakhala kutentha thupi, mkodzo wotsekeka, shuga wosokonekera kapena mankhwala, ndipo zimatha choyambitsacho chikapezeka. Kunyumba, masabata asanu ndi limodzi asanyamule ndowa, asasinje, asagwire khasu. Agogo akangomva bwino amafuna kubwerera kuntchito zawo, ndiye mudzafunika kulimba nawo mtima mwaulemu.

Sindinawaone amayi anu, ndipo mawu omaliza ndi a iwo eni pamodzi ndi dokotala amene awayeze. Koma mwafunsa maganizo anga, ndipo sindikubisirani. Kwa mayi wa zaka 78, wa BP ndi shuga, woyendera ndodo, amene chiberekero chatuluka chonse ndipo chikutsekereza mkodzo, ine ndikanayamba ndi kuchibwezera mkati ndi mphete kuti chilonda chipole ndi impso zipume, uku tikuyeza khomo la chiberekero ndi kukonza shuga. Mphete ikakhazikika, iwo n'kukondwa nayo, ndipo wowaperekeza alipo, tikhoza kuimira pomwepo. Ikamagwa, kapena akafuna kubwerera kumudzi, ndipo atafunsidwa paokha anena kuti za kuchipinda anatseka kale, ndikanawalangiza Le Fort pa jakisoni wa pamsana, osati kuchotsa chiberekero. Akanena kuti njirayo isatsekedwe, ndiye kuchotsa kudzera kumusi ndi kumangirira nsonga, ngati mtima ndi impso zilola.

Achimwene anu atengeni ulendo wotsatira, akamve okha kuchokera kwa dokotala ndi kufunsa zonse zimene zikuwaopsa. Podikira tsikulo, amayi akalephera kukodza kwa maola ambiri, akatentha thupi ndi kumva kupweteka m'nthiti cha kumsana, akataya magazi ambiri, kapena chotulukacho chikatupa, kuda, n'kukana kubwerera mkati, musadikire tsiku lolembedwa m'buku. Pitani nawo kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.